Chigawo Chachinayi cha Disiki ya Abambo

Abambo ake a Nawaya anafika pashopu m'mawa wa Lachiwiri atakumbatira bokosi la kompyuta pachifuwa. Analowa chammbali chifukwa khomo linali lopapatiza, anaika bokosilo patebulo pakati pa mafoni osweka magalasi, kenako anavula chipewa n'kuyamba kudzikupiza nacho.

Shopuyo inali kachipinda kamodzi, mbali iyi telala, mbali inayo wometa tsitsi. Telalayo ndi amene anayambitsa dzina lakuti Nawaya, ataona kuti mayi wokonza makompyutayu sayenda opanda chingwe pakhosi kapena m'thumba. Dzinalo linamera mizu moti makasitomala ena ankaganiza kuti n'chiwongo chake chenicheni. Anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, mwana mmodzi wamkazi wa kupulayimale, ndi mlongo wake mmodzi wamng'ono, dalaivala wa malole. Awiriwa analeredwa ndi abambo awo okha. Amayi awo anachoka pakhomo Nawaya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, atadwala matenda amene akuluakulu ankangowatchula monong'ona. Patapita zaka zinayi kunabwera uthenga wakuti amwalira kwawo, kutali, ndipo aikidwa kale.

"Ikulira," anatero abambowo, akuloza bokosilo. "Ndikayatsa ikumveka kuti tche, tche, tche, ngati wotchi ya pakhoma. Komanso ikundiuza kuti malo atha."

"Ndinakuuzani chaka chatha, Bambo, kuti disiki imeneyi yakalamba. Munati bola ikuyaka."

"Inenso ndakalamba koma ndikuyaka."

Ntchito yawo inali yojambula mapulani a nyumba. Chichokereni papepala ndi pensulo, zonse zimene anajambula zinali m'bokosimo, kuphatikizapo pulani ya makalasi asanu ndi limodzi a sukulu ina imene ankayenera kukapereka Lachisanu. Nawaya anatsegula kabati n'kutulutsa disiki yatsopano imene anawasungira, yaikulu kanayi kuposa yakaleyo.

"Ndikopera zonse umu. Pomafika madzulo mudzakhala ndi malo ojambulira tawuni yathunthu."

"Zonse ayi," abambowo anayankha mofulumira. "Mnzanga amene anandikonzera kompyutayi kalekale anaigawa zigawozigawo. Iwe ukopere ziwiri zokha, cha makina ndi cha mapulani. Ukaona china, uchisiye. N'zinyalala zakale. Ndipo disiki yakaleyo undisungire, ndidzaitenga."

"Mukaichita chiyani disiki yakufa?"

"Ndi yanga. Munthu akagula nsapato zatsopano, zakale sazisiya m'sitolo."

Anavala chipewa, ananena kuti abweranso cha m'ma 3 koloko, ndipo anatuluka.

Nawaya anamasula masikuluwu anayi a chivundikiro. M'kati munali fumbi lambiri, lofewa ngati thonje, moti anayetsemula kawiri. Anazula zingwe, anatulutsa disiki yakaleyo, anailumikiza ku kompyuta yake ya patebulo limodzi ndi yatsopanoyo, n'kutsegula pulogalamu yokoperera. Pasikirini panaoneka mizere iwiri. Wa m'munsi unali wopanda kanthu. Wa pamwamba unali wodulidwa panayi.

Chigawo choyamba chinali kakang'ono koyatsira kompyuta, kamene ankayenera kukopera ngakhale abambowo sanakatchule. Chachiwiri chinali cha makina, ndiko kuti mapulogalamu oyendetsa kompyuta. Chachitatu chinalembedwa kuti MAPULANI. Chachinayi chinalibe dzina, chinalibenso chilembo, kutanthauza kuti munthu wongogwiritsa ntchito kompyutayo sakanachiona pokhapokha atadziwa njira yochitsegulira. Munali zinthu zokwana magigabayiti makumi anayi.

Zaka zingapo m'mbuyomo mphunzitsi wina anamuuzanso kuti chigawo china n'zinyalala, Nawaya n'kuchisiya, ndipo patatha sabata mphunzitsiyo anabwera ndi mkazi wake akufunsa zithunzi za ukwati wawo. Kuchokera tsiku limenelo sankasiya kanthu padisiki yodwala asanasuzumire. Anapatsa chigawocho chilembo n'kuchitsegula.

Munali mafoda okhala ndi mayina a zaka, atandandalika bwinobwino monga mmene abambo ake ankaikira chilichonse, kuyambira chaka chimene Nawaya anali ndi zaka khumi mpaka chaka chino. Anatsegula lomaliza. Munali mafayilo awiri a mawu, ndipo mayina ake anali madeti. Deti lina linali la tsiku lobadwa mlongo wake. Linalo linali lake, miyezi itatu yapitayo.

Anavala mahedifoni.

Poyamba kunamveka mphepo ndi tambala chapatali. Kenako mayi wachikulire anakonza pakhosi.

"Kachiwala, ndine amako. Lero wakwanitsa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Sindikudziwa ngati abambo ako akupatsa uthengawu, kapena ngati ukuvomera kuumva. Ngati sukufunabe, ndamvetsa, sindikukakamiza. Ine ndili bwino, bondo lokha ndi limene likundivuta. Chaka chino ndasiya kusoka chifukwa maso..."

Nawaya anavula mahedifoniwo n'kuwaika patebulo. Mawuwo anapitirirabe kutuluka, aang'ono ngati a udzudzu. Kuseri kwa khoma makina ometera anali kulira, ndipo wina anali kuseka.

Dzina lakuti Kachiwala linali lisanamveke m'makutu mwake kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Ankamutchula choncho munthu mmodzi yekha, chifukwa ali mwana ankangodumphadumpha. Anayamba kufunafuna njira yoti zimenezi zisakhale zoona. Mwina ndi mawu akale. Koma mayiyo anatchula zaka zake zenizeni. Mwina ndi mkazi wina wofuna kunyenga abambo ake. Koma mmene anakokera mawu akuti "ndamvetsa", Nawaya anawadziwa m'mimba asanawadziwe m'mutu.

Anabwerera m'mbuyo n'kutsegula foda loyamba. Umu munali makalata olembedwa pamanja, ojambulidwa ndi sikana. Pakati pa tsamba lililonse panadutsa kamzere kotuwa, komwe kaja kamene kankaoneka pa mapulani onse amene abambo ake ankajambula ndi sikana yawo yokandika galasi. Kalata yoyamba inali yaifupi. Inati madokotala andiuza kuti ndachira, mankhwala ndikumwa osaphonya, ndiloleni ndibwere ndidzaone ana ngakhale tsiku limodzi. Yachiwiri inali ndi mawu omwewo, koma inawonjezera kufunsa ngati Kachiwala anagula nsapato zina, poti zija zinali zitayamba kumuthina.

M'munsi mwa mafoda onse munali lina lolembedwa kuti Mayankho. Anawerenga kalata imodzi yokha, yolembedwa ndi dzanja lowongoka la abambo ake, la zilembo zofanana ngati za pamapulani. "Ndawafunsa ana, akana. Musabwere, mudzawasokoneza pa sukulu. Akadzakula adzakufunani okha." Deti lake linali la miyezi isanu pambuyo pa tsiku limene Nawaya anavala diresi lakuda lolirira maliro a amayi ake.

Disiki inalira tche, tche, tche, ndipo sikirini inauma. Mawusi anakana kuyenda. Patapita mphindi yathunthu zonse zinabwerera, koma Nawaya ankaidziwa bwino nyimbo imeneyi. Anatsegula kapulogalamu koyezera thanzi la disiki ndipo anaona kuti malo owonongeka akuchuluka iye akuyang'ana. Disikiyo inali ndi ola limodzi, mwina awiri, mwinanso ayi.

Chigawo cha makina sichinali chodetsa nkhawa, akanatha kuikamo makina atsopano. Nkhani inali pa ziwiri zinazo. Mapulani anali magigabayiti mazana awiri, ntchito ya maola awiri kapena atatu padisiki yodwala chonchi. Chachinayi chinali cha mphindi makumi anayi. Kasitomala wina aliyense akanakhala atabweretsa kompyutayi, Nawaya akanayamba ndi zimene mwiniwake wanena, osaganiza kawiri.

Anachotsa kachizindikiro pa MAPULANI n'kukaika pa chigawo chachinayi. Anayang'anitsitsa katatu kuti kochokera ndi disiki yakale, kopita ndi yatsopano, chifukwa ukatembenuza zimenezi umafufuta zonse ndi dzanja lako. Kenako anadina.

Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Nawaya anakhala ali phee, kuopa ngakhale kugwedeza tebulo.

Telala anasuzumira pakhomo, tepi yoyezera ili pakhosi, foni ili m'manja.

"Nawaya, tandibwereke chaja, yanga yadyedwa ndi makoswe." Anaima kaye. "Iwe, nkhope imeneyo bwanji? Waona mzukwa?"

"Kuona ayi. Kumva."

Telalayo anaseka, koma ataona kuti mnzakeyo sakuseka anatenga chaja pamsomali mwakachetechete n'kubweza chitseko potuluka.

Kamzere katafika pakati, Nawaya anatenga foni n'kuimbira azakhali ake, alongo awo a abambo ake. Ndi iwo amene anabwera ndi uthenga wa maliro tsiku lija, atafunda nsalu kumutu, n'kukhazika ana awiriwo pamphasa.

"Azakhali, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, mwana wanga, kaya iwe? Mdzukulu wanga ali bwanji?"

"Ali bwino. Azakhali, amayi anaikidwa kumanda ati?"



"Bwanji ukufunsa zimenezo lero?"

"Ndikufuna ndikaikeko mwala. Inu munapitako, si choncho? Munatiuza kuti munapitako."

"Zimenezo ukafunse abambo ako."

"Ndikufunsa inu."

"Ndati ukafunse abambo ako," azakhaliwo anabwereza ndi mawu otsika, ndipo anadula foni.

Nawaya anaika foniyo chafufumimba patebulo. Mpaka nthawi imeneyo anali akadali ndi kachiyembekezo kakuti wina amuseka n'kumufotokozera kuti wasokoneza zinthu.

Chigawo chachinayi chinatha kukopereka, kupatula mafayilo atatu amene disiki inalephera kuwerenga. Nthawi yomweyo anayambitsa mapulani. Kamzere kanayenda bwino kwa ola limodzi, kenako kanayamba kutsimphina. Katadutsa pang'ono theka kanaima. Disiki inalira tche kasanu motsatizana, kenako inachita kaphokoso ngati kupuma, n'kukhala chete. Anasintha chingwe, osatheka. Anaisiya kuti izizire pafupi ndi fani, anailumikizanso, koma kompyuta sinaionenso ngakhale dzina lake. Anayang'ana zimene zinapulumuka. Foda la sukulu ija linalipo, koma m'kati mwake munalibe kanthu.

Sanadye nkhomaliro. Kunabwera mayi wina ndi foni yonyowa, anamuuza kuti abwere mawa. Anaika disiki yatsopano m'bokosi, anaikamo makina, anamanga masikuluwu, ndipo manja ake anagwira ntchito yonseyo okha.

Abambo ake anafika 3 koloko itangodutsa, atanyamula jumbo ya malalanje a mdzukulu wawo.

"Yatheka?"

"Khalani pansi, Bambo."

Anakhala pa kampando ka makasitomala, jumbo ili pamiyendo.

"Disiki yafa ndisanamalize. Mapulani ndapulumutsa opitirira theka pang'ono. Ena apita. Pulani ya sukulu ija yapita."

"Ya Lachisanu ija? Miyezi iwiri ndakhala ndikuijambula." Anayang'ana wotchi yawo ngati kuti ingawathandize. "Koma ndinakusiyira m'mawa. Tsiku lonseli unkatani?"

"Ndinayamba ndi china."

"China chiti?"

Nawaya anazula mahedifoni pakompyuta, anakweza mawu, n'kudina. Kunamveka mphepo ija ndi tambala uja, kenako mawu a mayiyo anadzaza kachipindako. Anawasiya mpaka pamene ankanena za bondo, n'kuimitsa.

Abambo ake sanasunthe. Nkhope yawo inachita kutuwa, ndipo dzanja limene linagwira jumbo linamasuka pang'onopang'ono.

"Ndinakuuza kuti uchisiye," ananena, koma mawu ake sanali a munthu wokalipa. "Mnzanga uja anati sichioneka."

"Kwa ine chimaoneka. Ndi ntchito yanga." Anawayang'ana m'maso. "Munandigulira diresi lakuda, Bambo. Munandiperekeza nokha kwa telala kuti akalifupikitse. Anthu a kutchalitchi anabwera kudzaimba pabalaza pathu. Mlongo wanga anakodza pabedi mwezi wathunthu."

"Ndikukumbukira."

"Ali moyo?"

"Ali moyo."

Ngakhale anali atamva kale ndi makutu ake, mawu awiriwo atatuluka m'kamwa mwa abambo ake Nawaya anaona ngati pansi papendekeka. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Abambowo anayamba kufotokoza, maso ali pa malalanje. Panali mwana wachitatu, anatero, uja anamwalira ali ndi milungu iwiri. Nawaya ankamukumbukira mwa apo ndi apo. Chimwalirireni mwanayo amayi ake sanakhalenso bwino. Ankakhala tsiku lonse osalankhula, nthawi zina n'kutuluka osadziwa kumene akupita. Tsiku lina anatenga mlongo wake wa Nawaya kupita naye kumsika n'kumusiya pa siteji ya mabasi, iwo n'kubwerera kunyumba okha. Mwanayo anapezeka dzuwa likulowa, atakhala pansi pa benchi, ali ndi zaka zisanu. Achibale a amayiwo anabwera kudzawatenga kuti akalandire chithandizo kwawo.

"Atalemba kuti achira, sindinakhulupirire. Ndinkangoona benchi lija. Ndinati adikire chaka. Chaka chitatha ndinati adikirenso. Koma iwe tsiku lililonse ukachoka kusukulu unkakhala pageti mpaka kuitanidwa, ndipo unayamba kulephera mayeso. Azakhali ako anati mwanayu sasiya kudikira pokhapokha atauzidwa kuti palibe amene akubwera." Anapuma. "Sindikuwakankhira iwo. Ndinavomera ndine. Ndinkaganiza kuti ndidzakonza mukadzakula pang'ono. Koma munthu ukaika wamoyo m'manda, umayambira pati pomufukula?"

"Sanabwereko ngakhale kamodzi?"

"Anabwera kawiri. Koyamba anapeza titasamuka. Kachiwiri anandipeza kuntchito. Ndinawaonetsa malipoti anu a kusukulu, ndinawauza kuti mukuchita bwino chifukwa mwaiwala. Analira, anakwera basi tsiku lomwelo."

"Nanga bwanji munasunga zonsezi?"

"Makalata ndinkawotcha, chifukwa iwe unali mwana wofufuza m'madirowa. Koma ndisanawotche ndinkajambula. Kenako kunabwera mafoni, anayamba kutumiza mawu." Anapukusa mutu. "Ndinkalephera kutaya. Ndinkamvetsera ndekha mukachokapo."

Nawaya anawayang'ana abambo akewo, amene anaphunzira kuluka tsitsi kuti iye asamapite kusukulu ali nyankhalala, amene anagulitsa njinga yamoto kuti iye akaphunzire za makompyuta. Anali anthu omwewo, malaya omwewo a makolala otha, ndipo zimenezi n'zimene zinkamuzunguza mutu kwambiri.

"Amayi akudziwa kuti munatiuza kuti anamwalira?"

"Ayi."

"Ndiye akudziwa chiyani?"

"Akudziwa kuti munawakana."

"Zaka zonsezi?"

"Chaka chilichonse amafunsa. Chaka chilichonse ndimayankha kuti simunakonzeke."

Nawaya anaimirira, anapita pakhomo, anayang'ana mumsewu. Magalimoto ankadutsa monga mwa masiku onse. Wometa tsitsi anali kukung'untha nsalu panja. Anabwerera n'kung'amba kachidutswa ka tepi ya pepala imene ankalembapo mayina a makasitomala, anakamata patebulo patsogolo pa abambo ake, n'kuikapo cholembera.

"Nambala yawo."

Abambowo analemba osayang'ana m'foni. Atamaliza anafunsa, osadzutsa mutu, ngati chigawo chija chili m'bokosi lawo.

"Chilimo. Ndakoperanso kwanga."

Anagwedeza mutu, anaika malalanje pakona ya tebulo, ananyamula bokosi lawo n'kutuluka. Nawaya sanawaperekeze.

Mlongo wake anabwera kuchokera ku ulendo Lachinayi masana. Nawaya anakamupeza pamalo oimika malole akutsuka galasi lakutsogolo, ndipo anamuuza kuti alowe m'lole akhale pansi. Anamuveka mahedifoni n'kumuikira uthenga wa tsiku lake lobadwa. Mnyamatayo anamvetsera mpaka kumapeto, anaubwereza, kenako anafunsa kuti mayi ameneyu ndani, ngakhale nkhope yake inkaonetsa kuti wadziwa. Nawaya anamufotokozera zonse, za benchi zomwe.

"Ine benchi limenelo sindilikumbukira n'komwe," anatero.

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana madzi a sopo akutsetsereka pagalasi.

"Achemwali, fomu iliyonse imene ndinalembapo moyo wanga wonse, kusukulu, kuntchito, ku ukwati wanga, ndinkalemba kuti mayi anamwalira. Mkazi wanga amandimvera chisoni kuti ndine wamasiye." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndiye ndikamuuze chiyani?"

"Zomwe ndakuuzazi."

"Mwawaimbira?"

"Ndimadikira iwe."

Anaimba ali m'lole momwemo, foni ili pakati pawo. Inaitana kanayi.

"Halo? Ndani?"

Nawaya anali atakonzekera mawu kwa masiku awiri, koma onse anathawa. Anangotchula dzina lake la kubadwa, n'kuwonjezera kuti ali ndi mlongo wake pompo. Kumbali inayo kunamveka chinthu chikugwa, ngati mbale yachitsulo, ikuzungulira pasimenti mpaka kuima.

"Dikirani ndikhale pansi," mayiyo anatero. Panapita kanthawi. "Mwandikhululukira?"

"Sitinakukaneni, Amayi. Sitinkadziwa. Anatiuza kuti munamwalira."

"Kuti ndinatani?"

"Kuti munamwalira. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri."

Kenako amayi ake analankhula pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerenga chikalata cha chilankhulo chachilendo. "Ndiye munalira maliro anga. Ine ndinali pompano ndikusoka." Sanalire pafoni. Anafunsa ngati onse awiri ali bwino m'thupi, ngati ali pabanja, ngati pali adzukulu. Atamva kuti alipo atatu, anapempha kuti awatchule mayina mmodzimmodzi, ndipo ankabwereza dzina lililonse. Mlongo wake wa Nawaya sanalankhule kanthu mpaka foni inatha.

Abambo awo anakapepesa kwa eni sukulu ija, anapatsidwa milungu itatu, ndipo anajambulanso pulaniyo kuchokera m'kabuku kawo ka miyeso. Ankatumiza uthenga kwa Nawaya m'mawa uliwonse wofunsa mmene adzukira. Iye ankayankha ndi mawu amodzi. Mlongo wake sankayankha n'komwe. Azakhali anabwera kamodzi pashopu, anaima pakhomo n'kunena kuti zonse anachita pofuna kuthandiza ana. Nawaya anawapatsa mpando, anawamvetsera, ndipo atamaliza anawauza kuti ali ndi ntchito.

Loweruka la sabata yachiwiri, awiriwo anabwereka galimoto yaing'ono ya mlamu wawo n'kunyamuka m'mamawa. Ana anawasiya, anati ulendo woyamba apite okha. Unali ulendo wa maola asanu ndi awiri. Mlongo wake ankayendetsa mosamala kwambiri, ngati wanyamula mazira, ndipo anaima katatu kuti aone matayala amene analibe vuto lililonse.

Anafika dzuwa litapendeka. Nyumbayo inali yaing'ono, ya njerwa zosapaka, yokhala ndi khonde lotchingidwa ndi waya wa nkhuku. Pakhondepo panali mipando itatu yoyalidwa nsalu zoyera, ndipo pa umodzi panakhala mayi wa imvi, wamfupi kuposa mmene Nawaya ankakumbukira, ndodo ili pambali pake. Ataona galimoto anaimirira mogwira khoma.

Nawaya anatsika. Anayenda mpaka pakhonde. Amayi ake sanamukumbatire msanga. Anamugwira mapewa, anamuyang'ana kumaso, anamugwira khutu, anamutembenuza dzanja kuona chikhatho.

"Watalika ngati abambo ako," anatero, kenako anamukokera pachifuwa. Ankanunkhira sopo wochapira ndi mafuta opaka bondo.

Patapita nthawi anayang'ana kumsewu. "Mnzako uja bwanji?"

Mlongo wake anali akadali m'galimoto, injini atazimitsa, manja onse awiri ali pachiwongolero, maso ali kutsogolo. Nawaya anati apite akamuitane.

"Msiye. Ndipita ndine."

Anatenga ndodo, anatsika masitepe awiri a khonde chammbali, mwendo wodwala uli patsogolo, n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa pabwalo mpaka pa geti. Atafika pagalimoto anawerama n'kugogoda pagalasi ndi chala chimodzi. Mnyamatayo sanatembenuke. Amayiwo anadikira, anagogodanso. Galasi linatsika pang'ono, mpata wa dzanja limodzi.

"Mwayenda ulendo wautali, bambo," amayiwo anatero. "Madzi osamba ndatenthetsa. Mukafuna kukhala kaye momwemo, khalani, ine ndiima pompano."

Anatsamira galimotoyo, ndodo ili m'manja. Nawaya ali pakhonde anaona mapewa a mlongo wake akuyamba kugwedezeka, ndipo patapita mphindi zingapo anamva loko wa chitseko akutseguka.